Mutu 5: Luckness Akana Kupenga

1. Mphatso ya Luckness

Mulungu amagawa mphatso mosiyanasiyana. Ena anawapatsa mawu oyimbira, ena mutu wa masamu. Luckness anamupatsa luso lopenga.

Sikuti mtsikanayu anali wamisala ayi. Anali wa Fomu 2, woyimba mu kwaya ya achinyamata, wosajomba ku mapemphero. Koma akangovala thumba la feteleza, kudzola phulusa kumaso ndi kumanga zitini m'miyendo, msika wonse wa Nsanama unkaima. Amayi a tomato ankasiya makasitomala. Akabaza ankatsamiritsa njinga zawo. Ngakhale azibambo ochokera ku mzikiti ankaseka mpaka kugwirira zisoti kuti zisagwe.

Luckness anali m'gulu la zisudzo lotchedwa Tichenjere. Mtsogoleri wake anali Feston, mnyamata amene anamaliza Fomu 4 ndipo ankayenda ndi wezulo m'khosi. Sankayankha munthu womuitana dzina lake. Ankafuna kuti azitchedwa a Dairekita.

Masewero onse a Feston ankatha mofanana: wolakwa ankapenga. Mnyamata wosuta chamba anapenga. Wakuba mbuzi anapenga. Ngakhale bambo wina wokana kukumba chimbudzi anapenga, ndipo anali Luckness yemweyo atamata ndevu za thonje.

Tsiku lina Feston anafika pa malo ophunzirira sewero ali wefuwefu.

"Loweruka kukubwera oweruza," iye anatero. "Gulu limene liwasangalatse lipita ku mpikisano ku Balaka. Mutu wake ndi uwu ukumveka pa wailesi masiku anowu, wa kuchotsa mimba. Sewero ndalemba kale m'mutumu. Mtsikana achotsa mimba, kenaka..."

"Apenga!" gulu lonse linamaliza.

"Mwadziwa bwanji?" anadabwa Feston.

Luckness analumpha ndi chimwemwe. Chibadwire anali asanaolokepo mlatho wa Liwonde. Za Balaka ankangomva: siteshoni ya sitima, masitolo ondondozana, njinga zochuluka ngati nyerere.

Atabalalika anzawo, Feston anamukokera pambali.

"Tamvera, kupenga kwa masiku onse kuja sikukwanira. Oweruza amafuna zenizeni. Iwe uli ndi mwayi, chitsanzo uli nacho m'nyumba. Uziyenda ngati achemwali ako a Matilda. Umange duku ngati mmene amamangira. Ukamagubuduka pa dzala uzikuwa kuti 'Zamoto zitumbuwa!' ngati iwowo. Anthu akangozindikira, basi, Balaka tafika."

2. Anthu akudikira

Matilda anali mkulu wake wa Luckness. Nkhani yake sinali yachinsinsi pa Nsanama. Chaka chathacho anapatsidwa mimba ndi mwamuna wina wogula nandolo, amene atangomva anasowa pamodzi ndi sikelo yake. Ndi mantha, Matilda anamwa zimene mayi wina anamupatsa m'botolo kuti achotse mimbayo. Anamunyamula ali chikomokere kupita naye ku chipatala, ndipo aliyense ankati sabwerako wamoyo.

Ambuye anamuchitira chifundo, anachira. Anayambanso kukazinga zitumbuwa pa msika. Koma anthu a pa Nsanama anali ataonera masewero a Tichenjere ambiri, ndipo ankadziwa chotsatira. Anayamba kudikira.

Matilda akaseka yekha pokumbukira nthabwala, amayi a tomato ankakodolana. "Zayamba."

Akakalipira nkhuku yofuna kujompha ufa, wina ankanong'ona, "Mwamva? Akucheza ndi nkhuku."

Tsiku lina anafunda ambulera chifukwa cha dzuwa. Mzere wonse wa ogulitsa usipa unaimirira kumuyang'ana.

Matilda anali munthu wanthabwala. "Pepani amayi, lero sindipenga," ankatero potembenuza zitumbuwa m'chiwaya. "Mafuta adula, ndilibe nthawi. Mwina Lachinayi."

Komabe ku kwaya anasiya. Pa benchi imene ankakhala m'tchalitchi, anzake ankasiya mpata woti n'kukhalapo anthu awiri onenepa. Makasitomala ena anasamukira kwa wogulitsa mandasi. Anthu ankamuyang'ana kwambiri, koma omulonjera anali ochepa. Akafika kunyumba nthabwala zija ankazisiya pakhomo.

3. Akuluakulu asemphana

Gulu la Tichenjere linali ndi alangizi awiri. Wina anali bambo Kachingwe, mkulu wa mpingo. Wina anali mayi Halima, namwino wa pa chipatala chaching'ono cha m'deralo, Msilamu wopemphera. Awiriwa ankalemekezana kwambiri, ndipo ankatsutsana pa chilichonse.

Lachinayi anabwera kudzaonera sewerolo kuseri kwa tchalitchi. Luckness anapenga ndithu, ngakhale za duku ndi zitumbuwa anali asanaziikemo. Anagubuduka, analuma chitsononkho, anafunsira mtengo wa mango ukwati. Bambo Kachingwe anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka anakumbukira udindo wawo, nakonza kolala.

"Ana inu, khalani pansi mumve. Moyo si wathu. Palibe wa ife anadziumba yekha m'mimba mwa mayi ake. Amene amaumba ndi Mwini wake, ndipo amamudziwa munthu asanaone dzuwa. Tsono pa wailesi tikumva ena akuti lamulo lisinthe, akuti mayi akakhala kuti maganizo ake asokonezeka aziloledwa kuchotsa. Ine ndikufunsa, kodi maganizo amaoneka? Mwendo ukathyoka timauona. Nanga mtima tiuyeza ndi chiyani? Khomo limenelo likatseguka pang'ono, adzatseka ndani? Ine ndakhala ndi amayi olira m'nyumba ya mapemphero, zaka zitapita, chinthu chikuwadyabe m'kati. Atsikana inu, dzisungeni. Mwamuna wokulonjezani foni lero, mawa foni yakeyo siipezeka. Sewero ili ndi labwino. Liwaopse. Mantha apulumutsa ambiri."

Feston anaomba m'manja. Mayi Halima sanaombe.

"Bambo Kachingwe, mwamwa mankhwala anu a kuthamanga kwa magazi lero?"

"Ndamwa, anesi."

"Chabwino, ndiye mukhoza kundimva osakomoka. Zoti moyo ndi wa Mulungu, ine ndi inu sitikangana. Zoti ana awa adzisunge, ndimawauza tsiku ndi tsiku mpaka amandithawa. Za lamulo tizikangana mpaka tikalambe, chifukwa ine ndimalandira atsikana amene anagwiriridwa, ena aang'ono kuposa Luckness uyu, ndipo ndimadzifunsa mafunso amene inu simudzifunsa. Koma lero ndikukana chinthu chimodzi: bodza. Pa ntchito yanga ndaona amayi ambiri odutsa m'zimenezi. Ena amalira nthawi yaitali. Ena amapuma kuti zatha. Ena amangokhala chete, ndipo amenewo ndi amene ndimawaopera. Koma wofunsira mtengo wa mango ukwati sindinamuonepo."

Ana aja anaseka. Mayi Halima anakweza dzanja.

"Musaseke. Mantha amene mukuti amapulumutsawo, ine ndimawaona mbali inayo. Mtsikana akutaya magazi m'nyumba, sakuuza mayi ake, sakubwera ku chipatala, chifukwa akuopa kusekedwa pa msika. Akamafika kwa ine, nthawi yatha. Ndipo amene wachira, chimene chimamudwalitsa mutu nthawi zambiri ndi ifeyo: kumusala, kumuloza chala, kumusiya yekha. Maganizo amadwala ndithu, bambo Kachingwe, ngakhale saoneka. Koma sadwala ngati mmene a Dairekita akuonetseramu."

"Anesi, bodza laling'ono lopulumutsa mwana..."

"Ku tchalitchi kwanu bodza lili ndi masaizi?"

Bambo Kachingwe anayang'ana kumwamba ngati kuti yankho litsika, koma kunangogwa tsamba la mango.

Feston anaimba wezulo. "Zikomo akuluakulu chifukwa cha malangizo onse awiri. Tawamva, ndipo sewero likhala chimodzimodzi. Anthu akabwera pa msika amafuna wamisala. Opanda wamisala, Balaka kulibe."

4. Duku la Matilda

Lachisanu madzulo Luckness anapeza Matilda pakhonde akukanya nthochi ndi ufa wa mgaiwa. Anakhala pambali nayamba kusenda nthochi popanda womutuma.

"Lero kugwa mvula," anatero Matilda. "Iwe kugwira ntchito wosakuwiridwa?"

Luckness anapitiriza kusenda nthochi.

"Ndamva kuti mawa ndili m'sewero."

Nthochi inamupulumuka Luckness m'manja. "Wakuuzani ndani, achemwali?"

"Dairekita wako pakamwa pake palibe chitseko. Wauza akabaza onse kuti abwere adzaone Matilda wachiwiri." Anapukuta manja, navula duku lake lobiriwira. "Tenga. Umange mfundo kumanzere, osati kumanja. Ndipo sindikuwa kuti 'Zamoto zitumbuwa.' Ndimati 'Zamotooo!' Ukandiyerekeza, undiyerekeze bwino, usandichititse manyazi."

"Achemwali, ine sindinavomere."

"Sunakanenso. Usadandaule, mng'ono wanga. Balaka waifuna kuyambira uli mwana. Ine ndinadzitsekera njira zanga, sindingatsekenso yako. Mawa ndikhala pompo pa chiwaya changa, anthu akamaseka ndiseka nawo."

"Kenaka?"

"Kenaka Lolemba ndikwera sitima ya ku Nayuchi, kwa azakhali. Kumeneko nkhuku ndingakambe nazo mmene ndingafunire." Anaseka, koma kuseka kwake kunathera panjira. "Anthu ongondiyang'ana ndawapirira. Koma ana a sukulu akayamba kunditsatira ndi zitini m'miyendo, iyayi, pamenepo sindingathe."

Luckness anakhala ndi duku lija pamiyendo. Matilda anayamba kung'ung'udza nyimbo ya kwaya, imene ankaitsogolera kale, nabwerera ku ntchito yake.

5. Loweruka pa msika

Anthu anadzaza bwalo la pakati pa msika. Anyamata anakwera m'mitengo. Oweruza awiri ochokera ku Balaka anawakhazika pa mipando ya pulasitiki kutsogolo, pafupi ndi bambo Kachingwe ndi mayi Halima. Chapatali pang'ono, utsi wa chiwaya cha Matilda unkakwera.

Gulu la ku mudzi wina linayamba, linamaliza. Kenaka inafika nthawi ya Tichenjere.

Chiyambi chinayenda bwino. Wogula nandolo wa m'sewero ananyenga mtsikana, nathawa. Mtsikana anamwa za m'botolo, nagwa. Anamukokera kuseri kwa chinsalu, kumene Feston anamuthira phulusa ndi kumumanga zitini.

"Duku lili kuti?" ananong'ona Feston.

"Ndalisiya kunyumba."

"Ha! Chabwino, mawu okhawo akwanira. Pita!"

Zitini zitangolira, msika unaphulika. "Penga! Penga! Penga!" Ena anali atatembenukira kale ku chiwaya kuti aone nkhope ya mwini nkhani.

Luckness anafika pakati pa bwalo. Anayang'ana ku chiwaya kuja. Matilda anali chiimire, supuni m'manja, akumwetulira monga analonjezera.

Luckness anakhala pansi pa njerwa. Anamasula zitini mwendo umodzi, namasulanso winawo, naziika pambali mwaulemu ngati mbale za alendo.

Japhet, amene ankasewera ngati bambo wa mtsikanayo, anatulukira ndi chingwe. Japhet anali mnyamata wamtima wabwino koma wamutu wouma, ndipo mawu ake anawaloweza movutikira kwambiri.

"Mayo ine! Mwana wanga wapenga! Gwirani!"

"Sindinapenge, bambo," anatero Luckness. "Ndangotopa. Kuli madzi akumwa?"

Japhet anaima. Anayang'ana chingwe, nayang'ana kuchinsalu. Mawu ena analibe.

"Mayo ine! Mwana wanga wapenga! Gwirani!"

"Mundigwire ndikuthawa? Si ndakhala pansi apa?"

Anyamata awiri amene ntchito yawo inali kuthamangitsa wamisala anatulukira ndi liwiro. Posowa womuthamangitsa, anazungulira bwalo, nathamangitsana okhaokha. Anthu anayamba kuseka kuseka kwina.

Kuseri kwa chinsalu kunamveka mawu onong'ona amene msika wonse unawamva. "Luckness! Penga! Chonde penga, ngakhale pang'ono!"

Luckness anapukuta phulusa kumaso ndi m'mphepete mwa thumba lija.

Feston analephera kupirira. Anatumphukira m'bwalo akuimba wezulo, akudzikoka tsitsi. "Tayang'ana, umatere! Umatere!" Anatembenuza maso, anagubuduka, analuma chitsononkho. Podzuka anaponda zitini zija, naterereka, nakakhala m'dengu la tomato la mayi wina.

"Wapenga ndi uyo!" anakuwa wakabaza ali mu mtengo. "Mumangeni ameneyo!"

Anyamata othamangitsa aja anasangalala kuti ntchito yapezeka. Anamugwira Dairekita wawo, uyu mwendo uyu mwendo, natuluka naye akupalapata. Mwini tomato anawatsatira akulalata. Bambo Kachingwe anabisa nkhope m'chipewa, mapewa akugwedezeka.

Phokoso litachepa, Luckness anaimirira. Sanakuwe. Anthu anachita kukhalitsana chete kuti amve.

"Bambo," anatero kwa Japhet, "ndinachita mantha, ndinachita chinthu chimene chinatsala pang'ono kundipha. Za chimenecho ndimakamba ndi Mulungu wanga, ndipo Iye sanandithamangitse. Koma inu chibwerere ine ku chipatala mumangondiyang'ana ngati mukudikira mvula. Ndikaseka, mukuti zayamba. Ndikalira, mukuti zayamba. Mwagula chingwe, koma simunandifunsepo kuti ndadzuka bwanji."

Japhet anaiwala kuti ali m'sewero. Chingwe chinagwa. Ndevu za thonje zinali zitamatuka mbali imodzi.

"Pepa," anatero ndi mawu ake enieni. "Wadzuka bwanji, mwanawe?"

Palibe anaseka. Amayi a tomato anayang'ana pansi. Panali ngati tsiku lija la m'Baibulo pamene anthu anabwera ndi miyala kudzaweruza mayi wina, nabwerera mmodzimmodzi manja ali lende.

"Ndadzuka bwino, bambo," anayankha Luckness. "Sewero lathera pomwepa."

6. Sitima ya Lolemba

Oweruza sanachedwe. Anati sewero la Tichenjere linali ndi uthenga, koma linasokonekera, ndipo mtsogoleri wake anaononga katundu wa eni. Ku Balaka kupita gulu la ku mudzi wina lija.

Feston anabwera nthangala za tomato zili kumbuyo kwa buluku. "Luckness, m'gulu langa watuluka. Usadzabwerenso. Munthu ndakupempha chinthu chimodzi chokha, kupenga, chimene umachita bwino kuposa wina aliyense m'boma la Machinga!"

Anzake ena a m'gulu anamudutsa osamuyang'ana. Iwonso Balaka ankaifuna. Luckness anapita ku chiwaya atavalabe thumba la feteleza.

Matilda anali akutembenuza chitumbuwa chimene chinali chitapserera kale.

"Iwe ndiye wapengadi," anatero osadzutsa mutu. "Balaka waitaya."

"Ndaitaya."

"Ulira?"

"Kunyumba. Pano pali anthu." Luckness anafwenthera. "Achemwali, Lolemba mupitabe?"

Matilda asanayankhe, panafika mayi Zuhura, mkulu wa mzere wa tomato, yemwe uja ankayambitsa mawu akuti zayamba. Anaima patsogolo pa chiwaya akupotokola nsonga ya chitenje.

"A Matilda," anatero. "Mwadzuka bwanji?"

Matilda anayang'ana dzuwa, limene linali litapendeka kale. "Amayi, nthawi ino? Anthu akamva ati zayamba."

Mayi Zuhura anaseka mwamanyazi, koma sanachoke. Anadikira yankho.

"Ndadzuka bwino, amayi. Kaya inu?"

"Ifenso tadzuka. Tandikulungirani zamotozo, ana kunyumba anazisowa."

Atachoka mayiwo, Matilda anapukuta maso ndi mkono nanena kuti ndi utsi. Kenaka anamupatsa Luckness chitumbuwa chopserera chija.

"Idya, malipiro ako ndi amenewo. Sitimayo ipite yokha. Ndikachoka, akukazingira ndani iwe wopanda ntchitowe?"

Luckness anali asanamalize kutafuna pamene chithunzithunzi cha munthu chinagwera pa chiwaya. Anali bambo Kachingwe, chipewa chili m'manja. Kuseka kuja kunali kutawathera, ndipo nkhope yawo sinkaonetsa ngati akondwa kapena akwiya.

"Luckness. Matilda. Mawa mapemphero akatha musapite kunyumba. Akulu a mpingo akufuna kukuonani nonse awiri."

"Ine ku tchalitchi ndinasiya, bambo," anatero Matilda motsitsa mawu.

"Ndikudziwa," anayankha bambo Kachingwe, navala chipewa. "Nkhani imene akukuitanirani ndi yomweyo."